Amalume Anga, Telala wa Agalu

Sabata yatha tinachita sadaka ya amalume anga, Che Amadu, popeza chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Ndinachoka ku Monkey Bay, kumene ndimakonza mainjini a maboti, nditamanga thumba la mpunga pa njinga yamoto, ndikuganiza kuti kwathu ku Katuli tikakhalako apabanja okhaokha ndi ashehe otichitira duwa, pemphero lopempherera malemu. Ndinaganiza molakwa. Pofika masana bwalo linali litadzaza, nsapato zili mbwee m'mphepete mwa mikeka. Anthu amene zaka zonsezi sanapemphepo ngakhale madzi akumwa pakhomo paja anadya mpunga wa mbuzi mpaka kumasula malamba, ndipo aliyense wotsegula pakamwa ankati dera lino lataya munthu. Ine ndinali wogawa nyama. Ndinkawaikira m'mbale mtima ukundiwawa.

Ali moyo sankawatchula munthu. Ankawatchula telala wa agalu, ndipo ankadikira kuti atembenuke kaye.

Utelala ndiwo unali ntchito yawo yodyera. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la golosale ya Che Jafali, pamsika wathu, ndipo kusoka ankakudziwa. Mkanjo wa Che Amadu unkakhala bwino m'mapewa, kolala yake osapindika ngakhale uuchape kangati. Mwana wa sukulu sankamuyeza ndi tepi. Ankangomuyang'ana, n'kupindira nsalu yambiri m'munsi kuti yunifolomu imudikire akule. Koma ndisawayeretse ngati ndikuwalankhulira pamaliro. Bodza la atelala lija la “mubwere mawa” analinso nalo, mwinanso kuposa anzawo, chifukwa mawa lawo linkadalira zimene agalu anunkhiza. Ukafika pakhonde n'kupeza makina afunditsidwa chiguduli, unkadziwa kuti telala ali kuphiri, ndipo diresi lako ligona m'katoni sabata inanso.

Kuphiri ankatsata nguluwe. Amene sanalimepo m'tsinde mwa mapiri athu sangamvetse. Nguluwe zikalowa m'munda sizidya ngati mbalame, zimachita kulima: m'mawa umapeza chimanga chagona, chinangwa chafukulidwa, thukuta la chaka chonse lasanduka matope. Kwathu pafupifupi tonse ndife Asilamu. Nguluwe sitidya, sitiikhudza, ndipo malovu a galu timawatenga kuti ndi najisi, chinthu chodetsa munthu wofuna kuswali. Tsono nguluwe sungaitulutse m'ziyangoyango mmene imagona masana popanda agalu. Aliyense ankafuna kuti nguluwe zife, koma panalibe wofuna kuweta galu. Amalume ndiwo anaweta, monga anachitira amalume awo amene anawasiyira mikondo. Ndili wamng'ono analipo atatu oyenda limodzi, aliyense ndi ntchito yake yodyera, poti ulenje sunadyetsepo banja kwathu: wina anali kalipentala, wina ankakonza njinga. Kalipentala anamwalira, wa njinga anapita ku Joni ngati anyamata onse a m'dera lathu, amalume n'kutsala okha. Ndipo poti nguluwe imasakidwa dzuwa lili pamutu, nthawi yosaka inali nthawi yomweyo yosoka.

Anayesapo kugawa masiku. Ankati sabata yonse ndi ya makina, Lachisanu ndi la mzikiti, Loweruka lokha ndi la phiri. Koma nguluwe sidziwa Loweruka. Lachiwiri m'mawa ankatulukira mayi wina akulira kuti chinangwa chake chapita, amalume n'kukaona mapazi m'mphepete mwa munda, akuti kungoona chabe. Akagwada pansi n'kupeza kuti dothi lake likadali lonyowa, tsiku limenelo singano inkapuma.

Pa nguluwe sanapezepo kanthu. Akaibaya ankaisiya pomwe yagwera, n'kutumiza uthenga kwa Akhristu a kutsidya kwa mtsinje, makamaka aphunzitsi a pasukulu, amene ankabwera ndi njinga ndi zikwanje akusekerera. Akafuna kuwapatsa kena kake kothokoza, iwo ankakana, amvekere chimene m'kamwa mwako sichilowa, m'thumba mwako chisalowenso. Agalu okha ndiwo ankalandira matumbo. Komabe pamsika mphekesera inkayenda yoti telala amabisa mwendo umodzi m'thengo n'kumakaotcha yekha.

Akabwerako kuphiri sankalunjika pamakina. Zovala za kutchire ankazipachika pamtengo wa mango kuseri, m'nyumba sizinkalowa. Ankasamba, kuvala mkanjo, kenako pofika pakhonde la golosale ankabwereza chimene anali atachita kale kunyumba: ankasamba m'manja kasanu ndi kawiri, koyamba ndi dothi, monga limanenera lamulo kwa wokhudza galu. Ankasamba pang'onopang'ono, akuwerenga mokweza, kuti onse okhala pa bawo aone. Ndili mwana ndinkayesa masewera. Nditakula ndinazindikira kuti munthu wamkulu uja ankachita kupempha. Sizinathandize. Amayi ambiri akalandira chovala chatsopano ankachinyamula ndi nsonga za zala n'kukachichapa asanachivale. Mayi anga enieni, mlongo wawo wa bere limodzi, anali ndi kapu yachitsulo yobenthuka imene inkakhala payokha pakona pa thandala, ndipo inkatsika pokhapokha amalume akabwera. Koma tsiku limene agalu omwewo agwira gwape, amalume n'kumuzinga atatchula dzina la Mulungu, mbale zinkachokera mbali zonse, ya mayi anga patsogolo. Nyama ya gwape sinanunkhepo galu kwa wina aliyense.

Ashehe athu akale, amene nawonso anatisiya, analankhulapo mu mzikiti kuti galu wosaka ndi galu wolondera munda chipembedzo chimawalola, ndi kuti amene wasamba wayera. Anthu anavomera ndi mitu, n'kutuluka ndi maganizo omwe analowa nawo.

Amalume sankayankha ndi pakamwa pawo. Ankayankha ndi mayina a agalu. Kunali Mwaiwala, kunali Nenani, kunalinso kagalu kakakazi kofiirira kotchedwa Mudzandifuna. Ankadikira kuti afike pafupi ndi msika m'pamene ankawaitana, mokweza, mmodzimmodzi, nkhope ili phee ngati munthu wosadziwa kanthu. A pa bawo aja maso ankawasiya m'mabowo.

Ndi mayi anga anayambanapo koopsa pa ukwati wa mchemwali wanga wamkulu. Nsalu anapatsidwa mwezi wathunthu ukwati usanafike, koma m'mawa wa tsikulo diresi linali lopanda mkono umodzi, chifukwa dzulo lake telala anali atathamangira munda wa munthu wina. Analimaliza mkwatibwi atakhala pampando, akulira, anthu akuimba kale panja. Mayi anga anawauza pamaso pa alendo kuti agalu ndiwo abale awo enieni. Miyezi ingapo sanalankhulane, ndipo pa nkhani imeneyo ine ndimaima ndi mayi anga.

Koma wolimbana nawo tsiku ndi tsiku anali akazi awo, Abiti Sumani. Kaunjika atadzaza msika, telala anatsala ndi nyengo ziwiri zokha zodyera: potsegulira sukulu ndi poyandikira Idi. Ukaphonya pamenepo ndiye kuti sopo ndi mchere zivuta chaka chonse.

“Mapanga awiri avumbwitsa, Che Amadu,” ankatero. “Agaluwa amwa phala m'mawa uno, ana anu apita kusukulu ndi madzi m'mimba. Munakwatira ine kapena phiri?”

Iwo ankayankha kuti akasiya, anthu afa ndi njala. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Kutchire ankakukonda. Pamakina ankakhala duu, msana utapindika, ngati munthu wodikira minibasi. Akanyamula mkondo ankawongoka, ankaseka, ankaimba nyimbo za Chiyao zimene kunyumba sitinkazimva. Abiti Sumani ankadziwa zimenezi, ndipo n'zimene zinkawapweteka kwambiri.

Amene anawadziwa m'zaka zomaliza zokha amakumbukira nkhalamba yotsimphina, yokhala pansi pa mango kunyumba, ikupukusa gudumu la makina ndi dzanja limodzi, lina likukankha nsalu, ikuika zigamba pa makabudula ndi kusintha mazipi. Msoko wake unali wokhotakhota, ndipo eni ake ankauona. Mmene anafikira pamenepo ndi umu.

Chinali chaka chimene Idi inagwa chimanga chikadali chachiwisi m'munda. Ine ndinali nditabwera kudzasala masiku omaliza a Ramadani ndi mayi anga, choncho zambiri ndinaona ndi maso. Katoni ya amalume inali itadzaza nsalu mpaka kusefukira, mikanjo ya abambo ndi madiresi a ana, zonse zofunika tsiku limodzi. Chaka chimenecho anali atalonjeza akazi awo kuti mwezi wonse agalu akhala omangirira, ndipo lonjezo analisunga. Makina ankalira kuyambira m'mawa mpaka nthawi yomasula kusala.

Lachisanu titatuluka mu mzikiti, Che Jafali anafika pakhonde ndi abambo ena a minda ya kuphiri. Anaima chapatali pang'ono, monga mwa nthawi zonse.

“Che Amadu, tatha ife,” anayamba Che Jafali. “Chinguluwe chachimuna chija chabweranso, chatsogolera zinzake. Munda wanga watsala theka.”

“Pepani, Che Jafali. Idi ikadutsa ndikwera. Onani nsaluzi, zinazi ndi za kunyumba kwanu komwe.”

“Idi ikadutsa tikakolola mapesi. Tsiku limodzi lokha basi. Inu ndiye bambo wathu pa zimenezi, tilowere kuti?”

Amalume anapitiriza kupalasa. Apa Che Jafali anatsitsa mawu, koma tonse tinamva.

“Zaka zonsezi anthu akhala akundinena kuti ndikusunga munthu wa agalu pakhonde la golosale yogulitsa zakudya. Ine ndimatseka makutu. Lero ndapempha ine, mukundikaniza?”

Makina anaima. Amalume anayang'ana katoni ija nthawi yaitali, kenako anatenga chiguduli n'kufunditsa makina. Abiti Sumani atamva sanakalipe. Anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa phokoso lawo lonse.

M'mawa mwake amalume anakwera kuphiri akusala, osadya osamwa. Eni minda anawaperekeza mpaka pothera chimanga n'kuima pamenepo, poti kupitirira kukanakhala kuyenda pakati pa agalu. Zimene zinachitika m'khwawamo ndinazimva kwa iwo eni. Agalu anachipeza chinguluwecho m'ziyangoyango dzuwa litakwera. Chinatumbula Mwaiwala pomwepo, kenako m'malo mothawa chinalunjika kwa mwini agalu. Mkondo unalowa pabwino, kuseri kwa phewa, koma chinyamacho chinafika ndi liwiro lake lomwe, dzino n'kung'amba katumba wa mwendo wakumanja kuyambira m'munsi mwa bondo. Chinafera pamiyendo pawo, magazi ake ndi awo atasakanikirana. Anakuwa. Eni minda anamva, anabwera, anaona, koma panalibe amene anagwada kukankha nguluwe kuti munthu atuluke. Anathamangira kukaitana Akhristu a kutsidya, ndipo aja ndiwo anawasolola, kuwamanga mwendo ndi malaya a mphunzitsi wina, n'kuwanyamula mpaka pamsewu.

Kuchipatala namwino akuwasoka, akuti anadzutsa mutu n'kumuuza kuti msoko wotalikirana chonchowo pa thalauza sungathe sabata. Nthabwala imeneyi anthu anaibwerezabwereza pa sadaka paja, akuseka mpaka misozi. Zimene zinatsatira panalibe anazitchula.

Mwendo wakumanja ndiwo unkatsogolera popalasa. Anabwerako kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uoneke, n'kuuza Abiti Sumani ndi ine kuti tikawatengere makina ndi katoni tibwere nazo kunyumba. Anayesa ndi phazi lamanzere, ulusi n'kumangoduka. Anayesa kuti akazi awo azipukusa gudumu, iwo aziwongolera nsalu. Anamaliza kadiresi kamodzi thukuta lili kamukamu, bandeji itafiira. Dzuwa lisanapendeke akazi a Che Jafali anafika, n'kuima kunja kwa mpanda.

“Odi kuno. Tamva za ngoziyi, pepani. Timati titenge nsalu zathu zija, ana angachite manyazi pa Idi.”

“Mayi, ndipatseni masiku awiri,” anatero amalume. “Ndiyamba ndi zanu. Ndadula kale.”

“Iyayi, musavutike, muzipuma. Ingoikani umu, tikapereka kwa wina ku Namwera.”

Anatambasula jumbo kuti nsalu igweremo yokha, manja asakhudzane. Pambuyo pake anabwera ena, mmodzimmodzi, mpaka katoni inagona cham'mbali yopanda kanthu. Ambiri a iwo chimanga chawo chinali chitapulumuka sabata yomweyo. Sindikuti akanadikira, Idi sidikira telala, ndipo ana amafunadi zatsopano. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti panalibe amene anabwera ndi china kupatula jumbo, ngakhale chimanga chimodzi chootcha cha m'minda imene ija.

Tsiku la Idi amalume sanathe kuyenda kukaswali ndi anzawo. Anakhala pakhonde la nyumba yawo, mwendo uli pampando, akuona mikanjo imene anadula okha ikudutsa pamsewu itasokedwa ndi wina. Ankangoti kolala iyo yapotoka, mkono uwo wafupika, mpaka anasiya kulankhula.

Bala litapola anapita kumsika ndi ndodo, n'kupeza pakhonde paja pali munthu wometa tsitsi ndi kutchaja mafoni. Che Jafali anafotokoza mwaulemu wonse kuti malo sangakhale pachabe, komanso anthu akulankhula za magazi aja, akuti za nguluwe zinalowa m'mitsempha, ndipo zimenezo dothi silingatsuke. Amalume anati amva. Kuphiri sanakwerenso, makina sanapalasenso. Abiti Sumani, amene anachenjeza kalekale, sanawakumbutse ngakhale kamodzi. Anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pasukulu, ndipo banja linkadya zimenezo.

Ndinawafunsapo amalume tsiku lina ngati amanong'oneza bondo. Anati za mwendo ayi, mlenje amadziwa kuti tsiku lina nyama idzabweza. Chimene chinawapusitsa, anatero, n'chakuti ankaganiza kuti akadzakhetsa magazi m'minda ya anthu aja ndiye adzawawerenga ngati mnzawo. Ananena izi akulowetsa ulusi pasingano, ndipo sanalole kuti ndiwathandize.

Anamwalira ndi chifuwa nyengo yozizira. Tinawasambitsa ife apabanja ndi ashehe atsopano. Jeneza, chonyamulira maliro chija, anthu analinyamula, si bodza. Munthu akafa amayera kwa aliyense. Agalu anali atatha ndi ukalamba ndi njala, kupatula mmodzi, mdzukulu wa Mudzandifuna, amene amalume sanamupatse dzina. Ankati mawu onena kwa anthu anawathera.

Pa sadaka paja, mbale zikutsukidwa, Che Jafali anandiitanira pambali. Akalamba nawonso, ndevu zili mbuu.

“Yusufu mwana wanga, amalume ako anali munthu, Mulungu awakhululukire. Chaka chino nguluwe zija zatimaliza, minda ya kuphiri tonse tikuithawa. Paja mikondo ya malume imapita kwa mphwake. Galu uja alipobe?”

“Alipo, Che Jafali.”

“Usamutaye, ndi mbewu yabwino imeneyo. Ukapeza mpata kuntchito kwakoko, ngakhale Loweruka lokha, uzibwera.”

Kusaka sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukudziwa. Koma galuyo anali atawonda mpaka nthiti kuwerengeka, choncho ndinakokota mpunga wotsala m'mapoto n'kumuikira m'phale pansi pa mango, anthu akuona. Anandinyambita dzanja. Ndinasamba monga mwa lamulo, ndi dothi lomwe.

Lachisanu ndisanabwerere kunyanja ndinapita kumzikiti. Malo a amalume anali pamzere womaliza, moyang'anana ndi khomo, ndipo ndinapeza kuti chaka chonsechi palibe waimapo. Mzere umathera kuno n'kuyambiranso uko. Ndinaima pomwepo. Poswali timaima phewa ndi phewa, phazi ndi phazi, ndipo ashehe amakumbutsa kuti tisasiye mpata. Atanena choncho, bambo wa kumanja kwanga, amene anadya mbale ziwiri pa sadaka, anandiyang'ana m'manja n'kusendera pang'ono kumbali. Wa kumanzere anachita chimodzimodzi. Ndinaweramitsa mutu n'kuona mkeka. Pamene ndinaponda ine, pamene ankaponda Che Amadu zaka zonse zija, unali utaperepeseka mpaka simenti kuoneka. M'mbali mwake monse muwiri unali ukadali watsopano.